Nambala Sikisi ndi Nkhumba za Anajere

Ana anga, inu mumandidziwa ngati bambo amene akatseka chitseko amabwereranso kukagwedeza loko. Mumaseka, ndipo sindikuletsani. Koma m'mutu uno ndikufuna mudziwe kumene ndinakalipeza dzina la khalidwe limeneli, komanso nthawi imene kulidziwako kunandiimika pamalo ovuta kuposa onse pa ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto.

1981, Mkanda

Malo anga oyamba anali pa dibi ina ya ku Mkanda. Boma linandipatsa nyumba ya zipinda ziwiri, njinga yakuda, ovolosi ndi majombo. Tsiku la dibi ng'ombe zinkabwera m'mamawa fumbi lili koboo, n'kumadumphira m'madzi a mankhwala kuti nkhupakupa zife. Bwana wanga anali a Mvula, munthu wa mawu ochepa amene ankangotulukira pa njinga yamoto osanena kuti akubwera. Ankanunkhiza madzi a m'dibi, kuyang'ana majombo anga, kenako n'kulamula. "A Mbewe, mawa msika wa ng'ombe mukautseke." Ine ndinkakatsekadi. Eni ng'ombe akadandaula ndinkangoti, "Si ine, ndi lamulo lochokera kuboma." Anzanga ankawada a Mvula. Ine ndinkagona tulo tokoma pansi pa ulamuliro wawo, ndipo ndinkadzitama mumtima kuti ndine munthu wokonda chilungamo ndi dongosolo. Zaka zoposa khumi zinatha choncho.

1995, Mlonyeni

Matipate atabwera anthu anasangalala, nafenso tinakavota. Koma kuntchito kwathu zinthu zinayamba kuguluka chimodzichimodzi. Mankhwala a dibi anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako anasiyiratu. Boma linati alimi azisonkha okha, alimi anakana. Pamene ankandisamutsira ku Mlonyeni ndinakapeza dibi itasanduka nyumba ya achule, malata ake atapita kale ndi anthu. Katemera wa chitopa ankafika nkhuku zitatha. Matayala a njinga ndinkagula ndekha, akatha ndinkawamanga ndi mphira.

Bwana watsopano kuboma anali a Kachingwe, munthu woseka ndi aliyense. Sankakalipa, sankalamula. Ukawabweretsera vuto ankakugwira paphewa n'kunena kuti, "Onani mmene mungachitire, a Mbewe. Inu ndi amene muli pamalopo." Mawu amenewa ankandidwalitsa. Ndinayamba kumva kutentha m'mimba, achipatala anati ndi zilonda. Zaka zimenezo kunalinso maliro osatha. Kuofesi ya kuboma mipando inkatsala yopanda eni, ndipo mnzanga amene tinaphunzira limodzi tinakamuika atatsala mafupa okhaokha. Ine ndinkangoona tsoka pakona iliyonse. Mwana akatsokomola ndinkaganiza za bokosi. Amayi anu akachedwa kuchigayo ndinkawalandira ndi mafunso ngati wapolisi. Akuluakulu mwa inu mukukumbukira kuti pakhomo pathu sipankamveka kuseka ine ndikakhalapo.

1998, ku holo ya parishi

Amayi anu anali m'gulu la kutchalitchi loyendera odwala m'makomo. Gululo linali litayamba kukangana, chifukwa anthu anali atatopa ndi kusambitsa odwala amene sankachira. Sisitere wina dzina lake Bibiana, amene anali atangobwera kumene kuchokera ku maphunziro ku Zambia, anaitanitsa onse kuti azikumana Loweruka masana, ndipo anati okwatira ndi okwatiwa abwere ndi anzawo a pabanja. Ine ndinakana. Amayi anu anati, "Mungondiperekeza, mukakhale kumbuyo." Ndinapita chifukwa sindinkafuna kuti aziyenda okha njira ya kudambo.

Asisitere anajambula chozungulira pabolodi n'kulemba manambala kuyambira wani mpaka naini m'mbali mwake. Ndinaganiza kuti ndi zamaula zachizungu, ndipo bambo wina anafunsadi choncho. Iwo anaseka. "Ayi bambo, pano palibe zolosera. Tiyerekeze kuti ng'ombe yagwera m'chitsime, amuna atatu akuikoka ndi chingwe. Woyamba akukoka chifukwa kusiya chiweto chikufa n'kulakwa, ndipo iye sangapirire kulakwa. Wachiwiri akukoka kuti mwini ng'ombe amukonde, azimufuna. Wachitatu akukoka kuti mudzi wonse uone mphamvu zake. Chingwe n'chimodzi, ng'ombe ndi imodzi, koma chimene chikukoka munthu aliyense mkati mwake n'chosiyana. Maphunziro ano safunsa kuti umachita chiyani. Akufunsa kuti umachitiranji, ndipo ukuthawa chiyani."

Anafotokoza mitundu yonse isanu ndi inayi, Loweruka lililonse iwiri kapena itatu. Panali wothawa zowawa amene amangosakasaka zosangalatsa, panali wokana kulamuliridwa, panali wofuna mtendere amene amavomera chilichonse kuti pasakhale phokoso, panali wodzipatula amene amasunga nzeru zake ngati chimanga cha mbewu. Anthu ankagwirana m'nthiti, kulozana ndi milomo. Asisitere ankaletsa zimenezo. "Nambala ya mnzako si yako kuitchula. Iwe umaona zochita zake zokha, za mumtima suziona. Aliyense asake yake."

Ine yanga ndinaipeza tsiku loyamba lomwe, kapena ndinkaganiza choncho. Atatifunsa pomaliza ndinaimirira n'kunena kuti ndine nambala wani, munthu wa chilungamo, wosakonda zokhota. Asisitere anandiyang'ana modekha.

"A Mbewe, mukatsatira lamulo, mumtima mumamva bwanji? Mumamva kuti mwachita chabwino, kapena mumamva kuti mwapulumuka?"

Ndinati sindikuona kusiyana kwake.

"Nanga lamulo likakhala lolakwika, koma bwana wasaina?"

"Ndiye kuti mlandu ndi wa bwana," ndinayankha msanga, anthu n'kuseka.

Amayi anu, amene sankayankhula pagulu, ananena chapansipansi koma holo yonse inamva: "Awa sakonda malamulo, Asisitere. Amabisalamo."

Asisitere anawadzudzula pang'ono kuti asanditchulire, koma mawu anali atatuluka kale. Pobwerera ndinayenda patsogolo, njinga ndikukankha, osatembenuka. Masiku angapo sindinawayankhule bwino amayi anu. Chimene chinkandipweteka sichinali kusekedwa ayi, koma kuti mawuwo anali atagunda penipeni.

Loweruka lotsatira ndinapita ndekha, nthawi isanakwane. Asisitere ankasesa m'holo. Anandipatsa mpando n'kundifotokozera za nambala sikisi: munthu amene pansi pa zonse amafuna chitetezo. Amaona ngozi anthu ena asanaione. Ndi wokhulupirika pa ntchito ndi pabanja, sathawa anzake pamavuto. Koma sakhulupirira maganizo ake, choncho amasaka wamkulu woti atsamire, ndipo akamupeza amayambanso kumukayikira. M'mutu mwake mumakhala ngati bwalo la milandu losaweruka. Zinali ngati munthu wakhala akundisuzumira pawindo zaka zonse.

"Ndiye mankhwala ake n'chiyani?" ndinafunsa, poti ndinazolowera kuti nthenda ikadziwika pamabwera jakisoni.

"Si nthenda, ndipo nambala si khola loti mukhalemo. Poyambira ndi apa: mukamva m'mimba mwatentha, musathamangire kuchita kanthu. Imani, mudzifunse kuti, kodi pano ndikuopa chiyani? Mukachitchula, mudzifunsenso kuti, pakanapanda manthawa, choyenera chikanakhala chiti? Muyambe ndi tinthu tating'ono."

Ndinayambadi ndi tating'ono. Amayi anu akachedwa ndinkadzifunsa, n'kupeza kuti sindikuwakayikira za chibwenzi, ndikuopa kuti andifera n'kundisiya ndi ana. Tsiku lina ndinawauza zimenezo. Iwo anati, "Zaka zonsezi bwanji osangonena choncho?" Mantha sanathe, ana anga. Koma ndinayamba kuwazindikira mawu ake, monga umazindikira kutsokomola kwa mnansi wako kuseri kwa mpanda. Chaka chotsatira Asisitere anasamutsidwa, ndipo sindinawaonenso.

2001, mudzi wa kwa Anajere

M'mudzi wina m'dera langa munali gulu la amayi amasiye loweta nkhumba m'khola limodzi lalikulu. Wapampando wawo anali Anajere, mayi wamtali wa mawu okuluwika, amene ankalera zidzukulu zitatu zosiyidwa ndi mwana wawo wamkazi. Kakang'ono pa zonse kanali Esinati, kamene kankandithamangira kudzagwira belu la njinga. Khola limenelo ndinathandiza kulimanga ndine. Nkhumba zinaswana bwino, ndipo ndinkanyadira ndikamadutsa. Kutsidya kwa dambo kunali midzi ina ikuluikulu, kumene pafupifupi khomo lililonse linali ndi nkhumba.

Chaka chimenecho zokolola zinali zochepa. Pofika Novembala nkhokwe zambiri zinali zitagona, ndipo chimanga pamsika chinkakwera sabata iliyonse. Amayi aja anagwirizana kuti agulitse nkhumba agule chimanga chisanafike posagulika. Sabata yomweyo nkhumba ziwiri zinasiya kudya. Pamene ndinkafika zinali zitafa, makutu ndi mimba zitafiira ngati zapsa. Ndinatumbula imodzi, ndinaona kapamba atatupa, wakuda bii. Chinali chigodola cha nkhumba. Nthenda imeneyi ilibe mankhwala, ilibe katemera. Munthu siimugwira, koma imayenda ndi nyama, ndi magazi, ndi matope a kumapazi, ndipo ikalowa m'mudzi imasesa makola onse. Nkhumba zotsalazo zinkaoneka zamoyo, zikudya gaga, koma ndinkadziwa kuti zambiri zatenga kale.

Ndinawauza amayiwo kuti pasatuluke nkhumba, ndipo ndinapalasa njinga mpaka kuboma. A Kachingwe anali ku semina ku Lilongwe. Wachiwiri wawo anati galimoto ilibe mafuta, botolo lotumizira magazi kokayeza palibe, ndipo iye sangasaine chikalata chotseka dera bwana kulibe. Ndinapempha kuti angondiuza pakamwa chochita. Anatambasula manja. "Inu ndi amene muli pamalopo."

Pobwerera m'mimba munali moto. Ndinatsika njinga pamlatho wina n'kukhala pansi. M'mutu munali mawu awiri. Ena ankati, usachite kanthu, dikira chikalata, zikavuta udzati sunalamulidwe. Ena ankati, pita ukaphe zonse, uthire palafini, utenthe monga mwa buku, palibe adzakuloze chala. Kale ndikanasankha chimodzi mwa ziwirizi n'kuchitcha chilungamo. Tsiku limenelo ndinadzifunsa funso la Asisitere lija, ndipo ndinaona kuti mawu onse awiri anali a munthu mmodzi, wofuna kupulumutsa khungu lake. Palibe mwa iwo amene ankaganiza za Anajere kapena za anthu a kutsidya. Nditawaika pambali, chotsala chinali chowawa kuposa zonsezo. Nkhumba zikapita kumsika, makola a kutsidya atha, ndipo anthu ambirimbiri ataya chokhacho chimene akanagulitsa pa njala. Zikapanda kupita, amayi amasiyewa sagula chimanga.

Nditafika m'mudzi m'mawa mwake ndinapeza mavenda awiri ali kale pakhola, njinga zawo zili ndi matabwa pakaliyala, zingwe zili m'manja. Mbiri ya nthenda inali itawafika, ndipo anabwera kudzagula motchipa kuti akagulitse nyama kumsika wa kutsidya. Amayi onse anali pomwepo.

"Avetenale," anatero Anajere, "chikalata mwabwera nacho?"

Ndikanatha kunama. Akanandikhulupirira.

"Ndilibe chikalata, amayi. Kuboma sanandipatse."

"Ndiye mwabwera ndi mawu a ndani?"

"Anga."

Mmodzi wa mavenda anaseka. "Mwamva amayi? Alibe mphamvu awa. Tiyeni timange."

Ndinakaima pakhomo la khola, njinga ndinaigoneka chopingasa. Ndinawauza anyamatawo kuti sindingawamenye, koma akatulutsa nkhumba ndiwatsatira mpaka kumsika, ndikaima pambali pa tebulo lawo, ndipo aliyense wofuna kugula ndikamuuza kumene nyamayo yachokera. Ndinawauzanso kuti asanachoke atsuke matayala ndi nsapato. Anatukwana, anandilozaloza kumaso, koma pomaliza anakweza zingwe zawo n'kumapita.

Kenako ndinatembenukira kwa amayi. Ndinawauza zoona zonse: kuti nkhumbazi zifa ndithu m'masiku ochepa, kuti buku limati zitenthedwe zonse, koma ine sinditentha chakudya chaka cha njala. Zakufa kale tikwirira mozama. Zamoyo tizipha lero lomwe, pomwepa, magazi ndi zam'mimba m'dzenje, nyama tiiphike kwambiri n'kuiwamba, idyedwe m'mudzi muno. Kachidutswa kamodzi kasawoloke dambo.

"Nyama tidya masiku angati, avetenale?" anafunsa Anajere. "Ana anga adya nyama mpaka Malichi?"

"Ayi, amayi."

"Ndalama ya anyamata aja ikanagula matumba."

"Ikanagula."

"Ndipo inu mukudziwa zimenezo."

"Ndikudziwa."

Mayi wina anayamba kulira mokweza, wina anandiponyera chibuma cha dothi chimene chinandigunda paphewa. Anajere anakweza dzanja, onse anakhala chete. "Abale athu ali kutsidyako," anatero, osayang'ana ine. "Tengani mipeni."

Tinagwira ntchito imeneyo mpaka dzuwa kupendeka. Kulira kwa nkhumba kunamveka midzi yonse yozungulira. Panali yaikazi ina ya bere imene Anajere ankaikonda, anaigwira miyendo okha. Palibe anandipatsa madzi akumwa tsiku limenelo, ndipo sindinapemphe. Masabata otsatira ndinkayenda m'njira za kudambo tsiku ndi tsiku, kuchenjeza a kutsidya kuti atsekere nkhumba zawo ndipo asalandire nyama kwa aliyense.

A Kachingwe atabwerako anandiitanitsa. Sanaseke tsiku limenelo. Anati ndaphetsa ziweto za anthu popanda chilolezo, komanso ndalola anthu kudya nyama ya nthenda, milandu iwiri yotsutsana imene anainena mpweya umodzi. Anandiuza kuti mvula isanathe ndisamukira ku Chiosya. Ndinadabwa kuona kuti m'mimba simunatenthe. Chinthu chimene ndinachiopa moyo wanga wonse, bwana kundikwiyira, chinafika n'kukhala chaching'ono.

2002, Febuluwale

Njala ya chaka chimenecho simungaimvetse pongowerenga. Anthu ankadya zitsinde za nthochi ndi gaga wosakaniza ndi utuchi. Ankagulitsa mbale, zitseko, malata. Amuna ankawoloka malire kukasaka ganyu, ena osabwerako. Ogwidwa akuba chimanga chachiwisi m'munda ankachitidwa zinthu zimene sindilemba muno. Ifenso pakhomo tinkadya kamodzi, inu mukudziwa.

Chigodola sichinawoloke dambo. Anthu a kutsidya anagulitsa nkhumba zawo imodziimodzi, motchipa, koma ankabwera ndi kathumba ka ufa. Ambiri a iwo anafika pokolola. Sankadziwa n'komwe kuti panali china chowathokozera munthu, ndipo ine sindinawauze.

M'mudzi wa Anajere nyama inatha Khirisimasi isanafike. Kawiri konse amayi anu anapatula ufa pa wathu wochepawo kuti ndikapereke. Ulendo woyamba Anajere analandira n'kulowa nawo m'nyumba. Wachiwiri ndinapeza Esinati atagona pamphasa pakhonde, mapazi atatupa, tsitsi litafiira. Anayang'ana njinga yanga koma sanadzuke. Ndinamunyamula pakaliyala, agogo ake akumugwirizira, mpaka kuchipatala. Kumeneko ana otere anali mbwee, mpaka pansi. Anakhalako masiku ochepa.

Uthenga wa maliro a Esinati unandipeza ndikumanga katundu wa ku Chiosya. Amayi anu anati, "Mukapita akakunenani." Ndinati ndikudziwa. Ndinadzifunsa funso langa lija, ndipo yankho linali lakuti ndikuopa maso a Anajere. Ndinavala jekete n'kupita.

Anthu anali ochepa, chifukwa maliro anali paliponse ndipo anthu analibe mphamvu zoyendera. Dzenje linali losazama. Panalibe bokosi, anamukulunga m'mphasa. Nyimbo anaimba imodzi yokha. Pobwerera kumanda ndinapita kukagwada pamene Anajere anakhala, pansi pa mtengo wa mango, nsalu itaphimba mutu. Anali ataonda mpaka sindikanawazindikira pamsewu. Ndinati, "Pepani, amayi."

Anakweza maso pang'onopang'ono.

"Avetenale, mwabwera."

"Ndabwera, amayi."

"Nkhumba za kutsidya zili bwanji?"

Sanafunse monyoza. Anafunsa ngati mmene munthu amafunsira za odwala kumudzi. Ndinaona amayi ena atatembenuka kudikira yankho langa.

"Zili bwino, amayi. Sizinadwale."

Anagwedeza mutu. "Chabwino. Mukaziuze kuti ife taika."

Anabwezeretsa nsalu kumaso, ndipo ndinadziwa kuti atha nane.

Ndinapuma pa ntchito patapita zaka zisanu ndi ziwiri, ndili ku Chiosya. Anthu ena amene ndinawafotokozera nkhaniyi amati ndinachita bwino, ena amati ndikanangotseka maso tsiku limodzi lokha mwana akanakhala moyo. Ine sindinapeze sikelo yoyezera zimenezo. Maphunziro a m'holo aja sanandiuze chochita, ndipo sanandichotsere katunduyu. Anangondilanda pobisala. Chimene ndinachita pakhola paja ndinachita ndine, popanda siginecha ya munthu, ndipo ndi dzina langa limene Anajere anapita nalo kumanda.

Tsiku lotsatira maliro a Esinati aja ndinali ndi ulendo umene ndinalonjeza kale kutsidya kwa dambo. Bambo wina kumeneko nkhumba yake inali itaswa, ndipo ankafuna ndikathene tiana tamphongo ndisanasamuke. Ndinapita. Tinali tiana tonenepa, toterera m'manja, tolira mwamphamvu. Mwini wake anali wosangalala, ankandifunsa ngati ndamva kuti tsidya linalo kunali maliro a mwana dzulo. Ndinati ndamva. Ndinamupempha kuti agwire miyendo bwino, ndipo ndinapitiriza ntchito.